Gitala ya chaka chino ndi gitala yokhalitsa m'sitolo: yogula ndi iti?

Soya ndi fodya zitagulitsidwa, kwaya ya achinyamata ya kumpingo kwathu, kufupi ndi Mponela, inakwanitsa chinthu chomwe inakhala ikuchilakalaka kwa zaka zitatu. Ndalama za pepa sande, za maganyu okolola m'minda ya akhristu anzathu, ndi zina zomwe amayi a chigwirizano anasonkha, zinakwana kugula gitala ya magetsi. Anatuma anthu atatu ku Lilongwe: ineyo, msungichuma wathu, ndi mnyamata woimba lidi yemwe luso lake analitola kwa anyamata a ku Congo a ku Dzaleka, komwe chikondwerero cha Tumaini chakhala chikusonkhanitsa oimba kuyambira 2014.

M'sitolo ina tinapeza magitala awiri a kampani imodzi, a mtundu umodzi, onse atsopano, osaimbidwapo ndi munthu. Atapendedwa manambala a kuseri kwa mutu, zinadziwika kuti ina inapangidwa 2019 ndipo inzake 2024. Msungichuma sanachedwe: "Achimwene, ndalama za mpingo sitingagulire chinthu chogonera zaka zisanu. Tipatseni yatsopanoyo." Wogulitsa naye anali ndi yake: "Bambo, gitala ili ngati mkazi wamkulu pamudzi. Yakaleyo ndiye yokhwima, mawu ake simungawapeze pa zamakonozi." Onse awiri ankalankhula za chaka, ndipo palibe yemwe anali atawagwira n'komwe magitalawo.

Maganizo a wogulitsa uja ali ndi komwe anachokera. Magitala a magetsi omwe dziko lonse limatengera maonekedwe ake anabadwa ku America m'zaka zochepa zotsatizana: Telecaster ya kampani ya Fender inatuluka koyambirira kwa zaka za m'ma 1950, Les Paul ya Gibson inabwera 1952, ndipo Stratocaster inatsatira 1954. Mu 1965 kampani ya CBS inagula Fender, ndipo oimba ambiri anadandaula kuti m'zaka zotsatira ntchito inayamba kugwidwa mothamanga. Kuyambira pamenepo magitala opangidwa chaka cha 1965 chisanafike anayamba kusakidwa. Ma Les Paul Standard opangidwa pakati pa 1958 ndi 1960 sanafike 2,000, ndipo lero imodzi yokha imagulidwa pa madola oposa 100,000. Kumeneko chaka ndi ndalama. Koma chomwe chimakweza mtengowo ndi kusowa kwa magitalawo, mbiri ya oimba otchuka omwe anawagwiritsa ntchito, ndi chilakolako cha anthu osunga zinthu zakale. Gitala wamba yotuluka m'fakitale ya ku China kapena ku Indonesia, komwe amapanga masauzande ofanana, siisanduka chuma chifukwa chakuti yapachikika pa msomali zaka zisanu. Mawu a gitala ya magetsi amachokera makamaka ku timaginito totola mawu pansi pa nsambo, ku nsambozo, ku ampulifaya, ndi ku zala za woimba. Kukhalitsa pakhoma sikuwonjezera chilichonse pa zinayi zimenezi.

Maganizo a msungichuma nawo sanali opanda mutu. Iye anazolowera foni ndi kompyuta, zomwe chaka chilichonse zimabwera ndi zatsopano, zakale n'kumatsalira. Gitala siyenda choncho. Stratocaster ya lero ndi ya 1954 zimasiyana pang'ono kwambiri pa kapangidwe: thabwa, khosi, nsambo zisanu ndi imodzi, timaginito titatu ndi tizitsulo tochunira. Magitala ambiri a magetsi alibe batire loti n'kufooka, alibenso pulogalamu yoti n'kutha ntchito. Yamaha Pacifica, yomwe ophunzira ambiri amayambira, inatuluka 1990 ndipo ikupangidwabe mpaka pano. Komanso si nthawi zonse pomwe kusintha kwa chaka kumakhala kupita patsogolo. Mu 2015 Gibson inakulitsa khosi la magitala ake ambiri n'kuwaika makina odzichunira okha, oimba ochuluka anazikana, ndipo kampaniyo inabwerera ku kapangidwe kozolowereka. Yemwe anathamangira ya chaka chimenecho chifukwa chongoti ndi yatsopano anagula chinthu chomwe anzake ankachithawa.

Choncho mawu akuti yakale ndi yabwino, ndi akuti yatsopano ndi yabwino, onse ndi opunduka mwendo umodzi. Chaka chili ndi ntchito yake, koma ndi ntchito ya chikwangwani cha pamsewu: chimakulozera koti uyang'ane. Pa magitala athu awiri aja chinatilozera zinthu zitatu.

Choyamba chinali mtengo womwe anapangira. Thabwa la pakhosi, pomwe zala zimaponda, linali lotuwirako pa gitala ya 2019 ndipo linali loderako pa inzake. Kusiyana kotere kuli ndi mbiri yake. Mu Januwale 2017 pangano la mayiko loteteza nyama ndi zomera zomwe zikutha, la CITES, linakhwimitsa malonda a mitengo yonse ya banja la rosewood. M'banja lomweli muli phingo wathu, yemwe azungu amapangira zitoliro. Makampani ambiri anasiya rosewood pa magitala otsika mtengo n'kuyamba kugwiritsa ntchito mitengo ina monga pau ferro ndi laurel. Chakumapeto kwa 2019 lamulolo linafewetsedwa pa zida zoimbira zomalizidwa kale. Chaka chomwecho, dziko lathu la Malawi ndi lomwe linapempha kuti mukula ndi mkungudza wa ku Mulanje zilowe m'gulu la mitengo yotetezedwa, ndipo zinatheka. Munthu wokulira pansi pa nkhalango ya Ntchisi, yemwe waona mapiri oyandikana nayo akumetedwa mpala, sangadabwe kuti mitengo yafika potetezedwa ndi mayiko. Koma kunena za mawu, mnyamata wathu anaimba magitala onse awiri pa ampulifaya imodzi ife titafulatira, ndipo palibe mwa ife yemwe anatha kutchula thabwa lomwe likulira.

Chachiwiri, ndipo ndicho chachikulu, chinali mmene gitala yasungidwira. Mtengo ngakhale utadulidwa ndi kupakidwa utoto umapumabe. Nthawi ya dzinja umamwa chinyezi n'kufufuma, m'chilimwe umauma n'kunyala. Aliyense wa ku Dowa kapena ku Ntchisi amadziwa chitseko chomwe chimakana kutseka mu Febuluwale koma n'kumasiya mpata mu Okutobala. Khosi la gitala limachita chimodzimodzi, uku nsambo zikulikoka usana ndi usiku. Gitala ya 2019 inali itaona madzinja asanu ndi zilimwe zisanu ili pakhoma, pomwe inzake inali itangotuluka m'katoni.

Apa ndi pomwe mnyamata uja anatiphunzitsa. Anatenga yakaleyo, n'kuika thupi lake pansi, mutu n'kuulozetsa kumaso kwake, n'kutsinzina diso limodzi monga amachitira kalipentala poona ngati thabwa lili lowongoka. Kenako anaponda nsambo yaikulu pa fuleti yoyamba ndi yomaliza nthawi imodzi, n'kundiuza kuti ndilowetse kakhadi ka mayunitsi pakati pa nsambo ndi fuleti ya pakatikati. Kanalowa mokhudza pang'ono mbali zonse. "Imeneyi ndiye mipata yake," anatero. Anayendetsa chala chachikulu m'mphepete mwa khosi ndipo anamva nsonga za mafuleti zikukanda, chizindikiro chakuti thabwa linanyala pang'ono ndi kuuma. Nsambo zinali zitachita dzimbiri, ndipo atapotokola kabatani kokwezera mawu, sipika inalira kwekwere chifukwa cha fumbi lomwe linalowa mkati.

Msungichuma anapukusa mutu poganiza kuti nkhani yatha. Koma mnyamatayo anatenga yatsopano ija, yonyezimira ngati galasi, pulasitiki yake isanamatulidwe, n'kuiyesa chimodzimodzi. Atatsinzina diso anakhala kaye chete, kenako anandiitana kuti ndione ndekha. Mbali ya nsambo zazikulu khosi linali lowongoka, koma mbali ya nsambo zazing'ono linali litapotoka pang'ono ngati tsamba la chimanga. Anachuna bwinobwino, n'kuliza nsambo iliyonse yosaponda, kenako n'kuiponda pa fuleti ya nambala 12, pomwe mawu amayenera kukhala omwewo koma okwera. Nsambo zinayi zinamvera. Ziwiri zazing'ono, zomwe woimba lidi amakhalirapo, zinkalira ngati ntchentche yagwera m'botolo akafika kumtunda kwa khosi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Pamenepa m'pomwe kuyerekeza kwenikweni kunagona: matenda a gitala iti ali ndi mankhwala? Nsambo zadzimbiri amazisintha, ndipo ngakhale pa gitala yatsopano zimasinthidwa pakapita miyezi. Fumbi la m'kabatani limachoka ndi mankhwala opopera otsukira zamagetsi. Nsonga za mafuleti mmisiri wodekha amazisalaza ndi tupa laling'ono. Khosi lokhota kupita kutsogolo kapena kumbuyo limawongoka, chifukwa mkati mwake muli chitsulo chachitali chomwe amachimanga kapena kuchimasula ndi kasipanala. Koma khosi lopotoka mozungulira, chitsulocho sichingaliwongole. Limafunika kusinthidwa lonse, ndipo khosi lapadera silipezeka pa msika wa Mponela, wa Madisi kapena pa boma la Ntchisi. Yakaleyo inali ndi zilonda zapakhungu, yatsopanoyo inali ndi vuto la m'fupa.

Sindikunena kuti gitala yokhalitsa imapambana nthawi zonse. Ikanakhala kuti inapachikidwa pawindo lowomba dzuwa, kapena pansi pa denga lodontha, bwenzi ndi iyo yopotoka khosi, yong'ambika utoto, tizitsulo take titadyeka. Sindikunenanso kuti magitala atsopano ndi osalongosoka. Ambiri mwa otsika mtengo a masiku ano amadulidwa ndi makina oyendetsedwa ndi kompyuta, ndipo amatuluka ofanana bwino kuposa otsika mtengo a zaka makumi angapo zapitazo. Katoni yotsatira m'sitolo momwemo mwina inali ndi gitala yopanda banga. Chomwe tinaona n'chakuti magitala awiri a fakitale imodzi, ngakhale a chaka chimodzi, akhoza kusiyana kuposa momwe zaka ziwiri zimasiyanirana, chifukwa mtengo uliwonse uli ndi khalidwe lake. Yakaleyo inali ndi mwayi umodzi: nyengo ya kuno inali itaiyesa kale zaka zisanu ndipo khosi lake silinagonje. Yatsopano imakhala isanayesedwe.

Chachitatu chinali ndalama ndi chilungamo. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Gitala yomwe inalowa m'dziko muno nthawi imeneyo isanafike inapikulidwa dola ili yotsika, ndipo wogula wodziwa chaka ali ndi poyambira kunenerera. Wogulitsa naye ali ndi yankho lomveka, poti katundu wolowa m'malo mwake adzamugula pa mtengo wa lero. Tinakumana pakati: anatsitsako mtengo, anawonjezera nsambo zatsopano mapaketi awiri ndi chingwe cholumikizira ku ampulifaya. Nambala ya kuseri kwa mutu imathandizanso kugwira zachinyengo, chifukwa magitala onamizira mayina otchuka ndi ambiri. Mwachitsanzo, ma Fender opangidwa ku Mexico kuyambira 2010 nambala yawo imayamba ndi zilembo MX, kenako manambala awiri osonyeza chaka. Ngati nambala, dziko lolembedwa pa gitala ndi zomwe wogulitsa akunena sizikugwirizana, bwezani ndalama m'thumba. Ife tinapempha kuti nambalayo ilembedwe pa lisiti, pamodzi ndi masiku omwe tingaibweze ikapezeka ndi vuto.

Tinakwera minibasi ya ku Mponela ndi gitala ya 2019. Msungichuma anainyamula yekha pamiyendo ulendo wonse, ndipo Lamlungu lotsatira ndi iye yemwe anaimirira kufotokozera abusa ndi akulu a mpingo chifukwa chomwe tinasiyira yonyezimira ija.

Tsopano gitalayo ili m'manja mwathu, ndipo zaka zomwe zidzaipange kapena kuiwononga ndi zomwe zikubwerazi. Tikamaliza kuimba timaipukuta thukuta pa nsambo ndi kansalu kouma. Timaisunga m'chikwama chake, kutali ndi khoma lonyowa la dzinja komanso kutali ndi malata otentha a mu Okutobala. Popita ku misonkhano ya makwaya m'misewu ya fumbi ya kumapiri, sitiimangirira pa kaliyala ya njinga dzuwa likuswa mtengo. Tinaonetsetsanso kuti ampulifaya ili ndi waya wa ethi, makamaka tikamagwiritsa ntchito jenereta magetsi akazima, chifukwa nsambo zachitsulo zili m'manja mwa mwana wa munthu. Daniel Kachamba wa ku Chileka anazunguza mayiko akunja ndi gitala wamba, ndipo anyamata a Madalitso Band afika ku Ulaya ndi babatoni wopanga okha. Omvera awo sanafunsepo chaka cha chida.

Kwa inu a makwaya ndi mabandi a ku Mvera, Kongwe, Nambuma, Malomo ndi kwina konse komwe mukusonkha ndalama za gitala, chaka chifunseni ndithu, pakuti safunsa anadya phula. Chikuuzeni mtengo womwe anapangira, nthawi yomwe gitalayo yakhala pakhoma, ndi poyambira kunenerera. Mukatero chisiyeni, mutenge munthu wodziwa kuimba, atsinzine diso pa khosi, aponde fuleti iliyonse, apotokole kabatani kalikonse ampulifaya ili yoyatsa. Pakati pa gitala ya chaka chino ndi yokhalitsa m'sitolo, gulani yomwe khosi lake lili lowongoka ndipo nsambo zake zonse zisanu ndi imodzi zikulira bwino kuyambira pa fuleti yoyamba mpaka yomaliza.