Chomera chosagula feteleza

Nthawi ya dzinja ikayandikira, nkhani ya pamsika ku Chipasula imakhala imodzi: mtengo wa feteleza. Koma abale anzanga, kodi mukudziwa kuti kunja kuno kuli zomera zina zomwe zimadzipezera zokha feteleza pogwira tizilombo?

Chotchuka mwa izo ndi Nepenthes, chimene chimapezeka kwambiri ku Borneo ndi Sumatra. Kufupi ndi kwathu kuno chili ku Madagascar, komwe Mfalansa wina, Étienne de Flacourt, anachilemba m'buku lake mu 1658.

Nsonga ya tsamba lake imatalika ngati chingwe, kenaka nkufufuma kukhala kamtsuko kokhala ndi chivindikiro chotchinga mvula. Pamlomo pa kamtsukoko pamatuluka timadzi totsekemera. Nyerere kapena ntchentche ikabwera kudzanyambita imapeza poterera, basi phwii m'kati. Pansipo pali madzi ogaya nyama, onga a m'mimba mwathumu. Mtundu wina wa paphiri la Kinabalu, Nepenthes rajah, mtsuko wake umatha kusunga madzi opitirira malita 2, ndipo ngakhale makoswe anapezekamo atamira.

Ana a sukulu musasokonezeke: chakudya chenicheni chomerachi chimapanga ndi dzuwa, monga chimanga. Chomwe chimafuna m'tizilombo ndi nayitrojeni, yemweyo timagula m'thumba la Urea, poti dothi lomwe chimamerapo ndi losauka. Paja akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo.

Mitsukoyi kuno ku Malawi simera kutchire, koma zomera zina zodya tizilombo tili nazo. Pa Nyika ndi paphiri la Mulanje, m'malo a chinyontho, pali kachomera kofiirira kotchedwa Drosera. Masamba ake ali ndi tiubweya tokhala ndi timadontho tonga mame, koma tomata ngati ulimbo. Kameneka ndi kamene Charles Darwin anakafufuza kwambiri m'buku lake la 1875. M'madambo mulinso Utricularia, yomwe ili ndi timatumba tomeza tizilombo tating'ono ta m'madzi.

Tsono vuto nali. Zomerazi zinazolowera umphawi. Feteleza kapena zonyansa za m'zimbudzi zikakokolokera m'dambo, udzu umakula msanga nkuziphimba. Dambo likauma, nazonso zimathera pomwepo.

Taonani madambo a m'tauni muno, ku Chipasula, Kawale ngakhale Area 23. Pena aumbapo njerwa, pena amangapo nyumba, pena ndi potayira zinyalala. Chonsecho dambo ndilo limasunga madzi a mvula nkumawatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe. Tikaliwononga zitsime zimaphwa msanga, ndipo m'dzinja madzi amalowa m'nyumba.

Inu ogula malo, funsani kaye ngati pamalopo si padambo, ngakhale mtengo utsike bwanji. Inu ophunzira, mukapita kumudzi patchuthi kawerameni m'dambo muyang'anitsitse. Sayansi yomwe mumaloweza m'kalasi mwina mukuiponda ndi mapazi.