Dzina la Tereza ku Area 18

Munthu wochokera m'tauni ya Lilongwe akamatsata msewu wa M1 kulowera ku Kanengo, amafika pamlatho wa misewu yodutsana pamwamba ndi pansi umene udatsegulidwa mu 2020. Apo ndiye pa 18, monga amakuwira makondakitala a minibasi. Area 18 idamangidwa pamene boma linkasamutsa likulu kuchoka ku Zomba, ndipo Lilongwe idakhala likulu mu 1975. Nyumba zambiri za ku 18A ndi 18B, zofanana mamangidwe ndiponso zondandalika bwino m'mizere, adalowamo ndi ogwira ntchito ku Capital Hill: makalaliki, olemba pa taipi, madalaivala a boma, aliyense ndi banja lake. Anthuwa adachokera m'maboma onse, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje, ndipo adabwera ndi zilankhulo zawo, mipingo yawo ndi maina awo.

Mwa maina a amayi amene amapezeka kwambiri kumeneko, makamaka pakati pa Akatolika opemphera pa parishi ya St Patrick's, pali Tereza. Ena amalemba Theresa, ena Teresa, ndipo pakamwa pa agogo limatuluka ngati Teleza. Kamtsikana amangokaitana kuti Tere. Kwawo kwa ansembe amene adalifikitsa kuno, ku France, amalemba Thérèse.

Akatswiri a maina amati dzinali lidachokera ku Chigiriki. Ena amalilumikiza ndi mawu otanthauza kukolola, ena ndi kachilumba ka Therasia. Lidayamba kufala ku Spain, ndipo lidatchuka ndi Teresa wa ku Ávila, sisitere amene adamwalira mu 1582. Koma mayi wa ku 18B sasankhira mwana dzinali chifukwa cha Chigiriki. Dzina lachichewa limadzinenera lokha: ukamva kuti Mavuto kapena Tiyanjane, wadziwa kale zimene zinkachitika pakhomo mwanayo akubadwa. Dzina la ubatizo limagwira ntchito mwa njira ina. Limaloza munthu amene adakhalapo, yemwe Akatolika amamutcha nkhoswe ya mwanayo kumwamba. Ndipo nkhoswe ya a Tereza ambiri a m'dziko muno ndi mtsikana wa ku France, Thérèse Martin, amene kutchalitchi amamutchula kuti Tereza Woyera wa Mwana Yesu.

Iyeyu adabadwa mu 1873 ku Alençon. Ali ndi zaka 15 adalowa m'nyumba ya masisitere a Karimeli ku Lisieux, ndipo sadatulukemonso kufikira pamene chifuwa chachikulu chidamutenga pa 30 Sepitembala 1897, ali ndi zaka 24. Chiphunzitso chake chidali chosavuta kumva: ntchito zazing'ono za tsiku ndi tsiku, kuchapa, kusesa, kupirira mnzako wovuta, uzichite ndi chikondi chachikulu. Sadaponde Afirika. Komabe nkhani yake idafika pafupi kwambiri ndi Area 18, ndipo ambiri mwa otchedwa dzina lake sakudziwa zimenezi.

Mu 1895 mnyamata wina wophunzira za unsembe, Maurice Bellière, adalembera kalata masisitere a ku Lisieux kupempha kuti mmodzi wa iwo azimupempherera, popeza ankafunitsitsa kukhala mmishonale koma ankadzikayikira. Mkulu wa nyumbayo adapereka udindowu kwa Thérèse. Awiriwo sadaonanepo ndi maso. Ankangolemberana makalata ngati mlongo ndi mlongo wake, ndipo Thérèse adapitiriza kumulimbitsa mtima ngakhale pamene matenda adali atamufooketsa, m'miyezi yomaliza ya moyo wake. Bellière adalowa chipani cha White Fathers, adadzozedwa unsembe mu 1901, ndipo mu 1902 adamutumiza ku Nyasaland. Adayamba ntchito ku Chiwamba, m'boma la Lilongwe lomweli, kenako ku Likuni kumene mishoniyo idasamukira mu 1903. Zinthu sizidamuyendere bwino. Adadwala, adasemphana maganizo ndi anzake, ndipo mu 1905 adabwerera kwawo, kumene adamwalira mu 1907 ali ndi zaka 33. Sadasiye dzina lalikulu, koma m'pofunika kumukumbukira: munthu amene Tereza Woyera adamulembera ndi dzanja lake adayenda m'midzi ya Achewa a ku Lilongwe pa nthawi imene pamalo pali Area 18 padali tchire ndi minda.

Dzina lenilenilo lidayamba kufala patapita zaka ngati 20. Papa Pius XI adalengeza kuti Thérèse ndi woyera pa 17 Meyi 1925, ndipo mu 1927 adamuika kukhala nkhoswe ya mamishoni onse pamodzi ndi Francis Xavier. Ansembe ndi masisitere a ku Mua, Likuni, Kachebere ndi Bembeke, ambiri mwa iwo olankhula Chifalansa, adali ndi woyera watsopano wa kwawo, wamng'ono msinkhu, amene nkhani yake atsikana ophunzira katekisimu ankaimva mosavuta. Mu 1929 Ambuye Mathurin Guillemé, omwe dzina lawo lidatsala pa mishoni ya Guilleme ku Mchinji, adayambitsa chipani cha masisitere achikuda n'kuchitcha dzina la woyerayo. Amenewa ndiwo Masisitere a Tereza, amene aphunzitsa ana m'sukulu ndi kusamala odwala m'zipatala za mishoni m'chigawo chapakati kwa mibadwo ingapo. Mtsikana wobatizidwa m'zaka zimenezo ankafunika dzina la woyera, ndipo la Tereza lidali pafupi. Ana ndi adzukulu a atsikana amenewa ndiwo adadzalowa m'nyumba za ku 18 ndi makalata a ntchito ya boma m'manja.

Mmene dzinali limakhalira pa munthu ndi nkhani yakeyake. Khanda likatuluka m'chikuta, wachibale amalipatsa dzina la pakhomo, mwina Chisomo, n'kuperekapo kamphatso. Tsiku la ubatizo wansembe amafunsa makolo dzina la mwana, katekisiti n'kulemba Tereza m'buku la parishi ndi pa khadi limene mayi amakalisunga m'sutikesi pamodzi ndi buku la kusikelo. Kusukulu aphunzitsi amaitana Tereza, kunyumba akuti Chisomo. Akakula n'kukwatiwa, dzina la ubatizo lija limayamba kubisala, chifukwa mayi wamkulu satchulidwa dzina wamba. Apongozi ndi amuna ake amati a Nabanda kapena a Naphiri, anansi amati amake Tadala, ku ofesi amamutchula ndi dzina la bambo. Munthu akhoza kukhala moyandikana ndi mayi zaka zambiri, kubwerekana mchere ndi makala, osadziwa kuti ndi Tereza, mpaka tsiku limene aona chiphaso chake kapena kumva dzinalo likuwerengedwa m'tchalitchi. Ku manda a ku Area 18 ndiko dzinali limaonekera poyera. Pa ziliza ndi pa mitanda yachitsulo pamalembedwa dzina lonse, chaka chobadwa ndi chomwalira, ndipo woyenda pakati pa mizereyo amapeza Tereza pafupi ndi Bernadetta, Veronika ndi Agnesi.

Nthawi zambiri dzinali limabwereranso pa mdzukulu. Apo ndiye mumamva bambo wamkulu akuitana kamwana ka zaka zitatu kuti “amayi”, chifukwa katenga dzina la amene adamubereka, ndipo sangakakalipire mwachisawawa. Mwambo umenewu ndi wathu, sudachokere ku Lisieux, koma dzina lachilendo lidalowamo bwinobwino. Miphakati nayonso, timagulu ta mabanja oyandikana timene timakumana m'makomo kupemphera, kuzonda odwala ndi kuthandizana pa maliro, imatchedwa maina a oyera, ndipo m'maparishi ambiri a mumzindawu simulephera kupeza wa Tereza Woyera.

Kutsidya kwa mzinda, ku Kawale, dzinali lili pa chipata cha nyumba yolerera ana amasiye imene amayendetsa masisitere a Missionaries of Charity. Amayi Teresa a ku Calcutta, amene adayambitsa chipanichi, dzina lawo lobadwa nalo lidali Agnes. Polowa usisitere adasankha la mtsikana wa ku Lisieux yemweyo, koma adatsata kalembedwe ka ku Spain.

M'dziko muno, amene adalikweza kwambiri dzinali adali Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza, m'dera momwe muli mishoni ya Mua. Mayiyu adagwira ntchito ya ukalaliki pa koleji ina ku Zomba zaka 27 asanaitanidwe kwawo kukalowa ufumu mu 2003. Ataona atsikana a zaka 12 ali ndi ana kumbuyo, adathetsa maukwati a ana mazanamazana, adaimitsa pa udindo mafumu ang'onoang'ono amene ankalekerera mchitidwewu, ndipo adabwezera anawo kusukulu. Nyuzipepala za maiko akutali zidalemba za iye.

Masiku ano makolo achinyamata a ku 18 amakonda maina monga Tamanda, Takondwa ndi Mphatso, ndipo mpingo umawalandira pa ubatizo popanda vuto. Izi n'zabwino ndithu, pakuti panali nthawi imene dzina lachichewa linkaoneka ngati losayenera kulowa m'buku la tchalitchi, ndipo kumeneko kudali kulakwitsa. Chomwe chingadandaulitse n'chakuti mwana atenge dzina la agogo ake popanda womufotokozera kumene lidadzera, chikhalirecho Likuni ali pamtunda wokwera minibasi ziwiri zokha kuchokera pa 18. Mpingo umakumbukira Tereza Woyera wa Mwana Yesu pa 1 Okutobala chaka chilichonse, ndipo mu 2029 Masisitere a Tereza adzakwanitsa zaka 100 chiyambire ntchito yawo m'Malawi.