Chilema cha Wotchi ndi Mtengo Wake

Potsegulira teremu ino ndinabwera ndi wotchi imene amalume anandigulira ku Johannesburg. Pankhope pake panalembedwa kuti Rolex, ndi kachisoti kachifumu pamwamba pa dzinalo. Ndinayenda monyada masiku atatu okha, pakuti tsiku lachinayi mnzanga wina wa Folomu 4 anagwira dzanja langa nati, "Iwe, muvi wa masekondiwu ukudumpha. Imeneyi njotengera." Ndinachita manyazi ndithu, ndipo manyaziwo ndiwo anandituma kukafufuza zimene ndifuna kukuuzani pano.

Mnzangayo ananena zoona. Wotchi yanga iyendera batire, motero muvi wake udumpha kamodzi pa sekondi. Rolex Submariner yeniyeni, imene inayamba kupangidwa mu 1953, iyendera sipuling'i. Makina a Submariner ya masiku ano agunda ka 28,800 pa ola, ndiye kuti kasanu ndi katatu pa sekondi, ndipo muvi wake uoneka ngati ungoyandama.

Tsono chimene chinandidabwitsa nchakuti kuli anthu amene asonkhanitsa mawotchi otengera, akudziwa bwino lomwe kuti si enieni. Ambiri a mawotchiwa apangidwa ku China, ndipo ena mwa iwo ali ndi makina a sipuling'i ngati enieni aja. Wotchi isananyamuke, wogulitsa ayamba watumiza zithunzi zake, ndipo wogula aziunika ngati mayi wosankha mpunga. Kodi nambala ya tsiku yakhala pakati penipeni pa kazenera kake? Kodi kagalasi kapamwamba pake kakuikuza kawiri ndi theka, monga kachitira ka Rolex? Kodi kachisoti kaja kalunjika pa 12? Akapeza pokhota pang'ono ngati tsitsi, ena aikana wotchiyo nafuna ina. Anzawo awaseka, nati palibe munthu angaone zimenezo wotchi ili pamkono, ndi kuti wolipira ndalama zochepa asafune ntchito yopambana ya ku Geneva, kumene ngakhale yeniyeni nthawi zina ituluka ndi kachilema.

Koma imvani za osonkhanitsa mawotchi enieni. Kwa iwo chilema china ndicho chuma. Nkhope yakuda ya Rolex yakale imene inasuluka ndi dzuwa nkusanduka yofiirira aitcha "tropical", ndipo ailipirira ndalama zambiri kuposa inzake yosasuluka. Pa mawotchi ena a Daytona a zaka za m'ma 1990, timizere tozungulira ta pankhope tinasanduka tofiirira chifukwa vanishi wake sanagwire bwino ntchito. Kumeneku kunali kulakwa kwa opanga, komabe lero mawotchiwo afunidwa kwambiri, ndipo atchedwa ndi dzina la Osvaldo Patrizzi, wogulitsa mawotchi pa okushoni.

Nanga nchifukwa ninji chilema chikweza mtengo kuno nkuutsitsa uko? Ine ndiganiza chonchi. Pa wotchi yeniyeni chilema chichitira umboni zaka zake, ndipo palibe ziwiri zosuluka mofanana. Pa yotengera chilema chiulula mwini wake, monga muvi uja unandiululira ine. Wounika zithunzi uja saopa kuti wotchi idzataya nthawi, aopa diso la mnzake. Ndipo nkhaniyi ifika poseketsa, chifukwa ena atenga nkhope zatsopano naziviika m'khofi kapena kuziwamba mu uvuni kuti zioneke zosuluka. Atengera ndi chilema chomwe! Apa mpamene ngozi igona, pakuti wotchi yotere ikagwa m'manja mwa wosaona mtima, aigulitsa kwa munthu wosadziwa ngati yakale yeniyeni.

Wotchi yanga ndiivalabe, ndipo ndiyo itidzutsa m'chipinda chathu belu lisanalire. Isunga nthawi bwino, monga achitira mawotchi ambiri a batire, ndipo aliyense wondifunsa ndimuuza msanga kuti njotengera. Amalume okha ndiwo sindinawauze, chifukwa sindidziwa kuti iwo analipira zingati.