Mwawonjezera RAM, nanga bwanji kompyuta sikuiona?

Pa ntchito yanga yoyang'anira maseva, dandaulo ili silisowa: munthu wagula RAM ya 8 GB, waiika bwinobwino, koma makina akuonetsa yosakwana 4 GB. Ambiri amafulumira kunena kuti wogulitsa wawapusitsa, chonsecho nthawi zina nkhani imakhala pa kernel.

Kernel ndiyo phata la pulogalamu yoyendetsa kompyuta, kaya ndi Linux kapena Windows. Ndiyo imagawira mapulogalamu malo mu RAM, ndipo kuti itero, byte iliyonse imafunika nambala yakeyake. Purosesa ya 32-bit ili ndi manambala opitirira pang'ono 4 biliyoni, omwe amakwanira 4 GB basi. Zipangizo zina, monga khadi la zithunzi, zimatapanso pa manambala omwewo, n'chifukwa chake Windows ya 32-bit imaonetsa 3 GB kapena kupitirirapo pang'ono.

Mu 1995 kampani ya Intel inatulutsa Pentium Pro yokhala ndi luso lotchedwa PAE, lomwe linakweza malirewo kufika pa 64 GB. Ife a Linux tinkalemba make menuconfig, kupita pa High Memory Support, kusankha 64GB, kenako n'kumanga kernel yatsopano. Makina ankaionadi RAM yonse.

Komatu kuiona ndi kwina, kuigwiritsa ntchito ndi kwinanso. Ngakhale pali PAE, pa manambala a 4 GB aja, Linux ya 32-bit imapatsa pulogalamu 3 GB, yokha n'kutsala ndi 1 GB, ndipo RAM imene imaifikira mwachindunji ndi pafupifupi 896 MB. Yotsalayo imachita kuilumikiza kwa kanthawi ikaifuna, n'kuimasulanso. Kuwonjezera apo, RAM imagawidwa m'masamba a 4 KB, ndipo tsamba lililonse kernel imalilemba m'kaundula. Mu 64 GB muli masamba opitirira 16 miliyoni, moti kaundula yekhayo amadya pafupifupi theka la GB pa kamalo kochepa kaja. Zili ngati mlembi wa mfumu amene mabuku a mayina adzaza kaofesi kake mpaka kusowa poika mpando. Zikafika apa seva imayamba kuzimitsa mapulogalamu ponena kuti malo atha, RAM yambirimbiri ili chikhalire. Ndipo ngakhale zonse zitayenda bwino, pulogalamu imodzi siingapyole 3 GB yake ija.

Mankhwala enieni anabwera mu 2003, pamene AMD inatulutsa purosesa ya 64-bit yotchedwa Opteron. Pa makina oterewa Linux imatha kusamala RAM yofika 64 TB, ndipo kuyambira kernel 4.14 ya mu 2017 malirewo anafika pa 4 PB, bola purosesa ikhale yololeza. Masiku ano chimene timasinthasintha ndi kukula kwa masamba. Pa seva ya PostgreSQL, mwachitsanzo, timatsegula masamba a 2 MB kudzera pa vm.nr_hugepages, kuti purosesa isamataye nthawi kufufuza timasamba ting'onoting'ono.

Choncho musanathamangire kukabweza RAM kusitolo, lembani uname -m pa Linux yanu. Ikayankha kuti x86_64, ndiye kuti kernel ndi ya 64-bit ndipo ilibe mlandu. Onani ngati RAM yakhala bwino m'malo mwake, komanso kuchuluka kumene motherboard imalola. Ikayankha kuti i686, kutanthauza kernel ya 32-bit, pamene purosesa yanu ndi ya 64-bit, musavutike ndi kumanga kernel. Sungani mafayilo anu pena, muike Linux ya 64-bit.