Tizilombo tofulula mafuta ndi utsi wa fakitale

Mumzinda wa Ghent, ku Belgium, kampani ya ArcelorMittal idamanga matanki ataliatali pambali pa ng'anjo zake zosungunulira zitsulo. M'matankimo muli madzi ndi mabakiteriya ochuluka osawerengeka, ndipo chakudya chawo ndi utsi wa ng'anjozo. Mu 2023 tizilomboti tidayamba kutulutsa ethanol, mafuta a mtundu womwe uja amapanga ku Dwangwa ndi ku Chikwawa kuchokera ku zotsalira za nzimbe n'kusakaniza ndi petulo.

Wodziwa kufulula mowa sangavutike kumva nkhaniyi. Yisiti imadya shuga n'kutulutsa mowa. Bakiteriya uyu, wotchedwa Clostridium autoethanogenum, safuna shuga ayi. Iye amadya mpweya. Akatswiri amayamba asefa utsiwo, kenako amaupopera m'madzi kuti uzibwadamuka, tizilombo n'kumameza kaboni wake. Madziwo akawatcheza, pamatuluka ethanol. Kumene bakiteriyayu adapezeka n'koseketsa: ofufuza adamupeza m'ndowe za akalulu m'zaka za m'ma 1990.

Luso limeneli lidakula ndi kampani ya LanzaTech, yomwe idayambira ku New Zealand mu 2005. Fakitale yoyamba yochita malonda idatsegulidwa ku China mu 2018, pa malo a kampani ya zitsulo ya Shougang. Chaka chomwecho ndege ya Virgin Atlantic idauluka kuchoka ku Orlando kukatera ku London, mafuta ake atasakanizidwa ndi ena ochokera ku utsi wotere.

Koma pali mawu ena omwe otsatsa sakonda kuwatchula mokweza. Mpweya womwe tizilomboti timaukonda kwambiri ndi carbon monoxide, umene ukanatenthedwa n'kusanduka carbon dioxide. Kuti tidye carbon dioxide weniweniyo pamafunika kuwonjezera hydrogen, ndipo kupanga hydrogen mosaipitsa mlengalenga kumadya magetsi ambiri. N'chifukwa chake ena adatembenukira ku ndere, zomwe zimameza mpweyawu pogwiritsa ntchito dzuwa: kilogalamu imodzi ya ndere zouma imakhala itameza pafupifupi makilogalamu 1.8 a carbon dioxide. Vuto ndi malo. Maiwe a ndere amafuna mahekitala ambirimbiri ndi madzi, ndipo dzuwa likalowa ntchito imaima pomwe ng'anjo ikufukabe usiku wonse.

Chachikulu n'chakuti ethanol akapsa mu injini, kaboni uja amabwerera kumwamba. Sadakwiriridwe, wangogwira ntchito kawiri. Phindu lilipo ndithu, poti petulo wina amatsala pansi osakumbidwa, koma n'lochepa poyerekeza ndi utsiwo. Matanki a ku Ghent adawakonza kuti azitulutsa malita 80 miliyoni pachaka n'kuchepetsa carbon dioxide ndi matani 125,000, chikhalirecho fakitale yomweyo imatulutsa matani mamiliyoni angapo chaka chilichonse.