KODI TAKISI YOTSIKA MTENGO INGAFIKE KUMUDZI?

Mtengo wokwerera galimoto wasanduka nkhani ya pabwalo m'midzi yambiri ya m'cigawo ca Kum'mawa. Mlimi wofuna kukagulitsa nshawa ku Katete, mai wapakati amene masiku ake akwana ndipo ayenera kukafika ku cipatala ca St Francis, ngakhalenso mwana wobwerera ku sukulu ya Chizongwe, onsewa ayamba awerenga ndalama ya ulendo asanaganize za cimene apitirako. Ena akawerenga angokhala pansi, ndipo matenda amene akanacizidwa Lolemba afika ku cipatala Lacisanu atakula kale.

Ndico cifukwa cake ganizo la takisi yotsika mtengo likumveka kawirikawiri masiku ano. Ganizolo ndi labwino, koma tsono kuti mtengo utsike pafunika kuyamba tadziwa cimene ciukweza.

Acikulire akumbukira masiku a mabasi a kampani ya Boma ya United Bus Company of Zambia, imene anthu anali kungoicha UBZ. Mabasi ake anali kulowa m'miseu ya fumbi, mitengo yake inali kuikidwa ndi Boma, ndipo m'tauni kampaniyo inalinso ndi matakisi ake ochedwa Zamcab. Munthu anali kugona pa siteshoni kuyembekeza basi, inde, koma mtengo anali kuudziwa asanacoke panyumba. Kampaniyo inathetsedwa m'caka ca 1995 italephera kudziyendetsa, ndipo nchito yonyamula anthu inatsala m'manja mwa eni magalimoto. Pa mseu waukulu wa Great East Road mabasi anaculuka kuposa kale. Koma mwini galimoto apita kumene kuli phindu, cotero midzi ya kutali ndi tala inatsala yokha.

Cinthu coyamba cokweza mtengo ndi mafuta. Dziko la Zambia ligula mafuta onse kunja, ndi ndalama za dola, ndipo mafutawo ayenda ulendo wautali kucokera kunyanja: dizilo wambiri adzera m'paipi ya TAZAMA yocokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, mtunda wa makilomita 1,710, pamene petulo abwera pa magalimoto a matanki. Kwacha ikafooka, mtengo wa pa pampu ukwera. Mu December 2021 Boma linaleka kuthandizira pa mtengo wa mafuta, ndipo bungwe la Energy Regulation Board linakweza petulo kucoka pa K17.62 kufika pa K21.16 pa lita, dizilo kucoka pa K15.59 kufika pa K20.15. M'caka ca 2022 bungwelo linayamba kuunika mitengo mwezi ndi mwezi, ndipo m'caka ca 2024 petulo anapitirira K30. Anthu okwera adziwa bwino cimene cicitika: mafuta akakwera, mtengo wa ulendo ukwera tsiku lomwelo, mafuta akatsika, dalaivala akhala ngati sanamve wailesi.

Komabe si mafuta okha ai. Kuyambira m'caka ca 2010 mtengo wa pa pampu ndi umodzi m'dziko lonse, ku Lusaka ndi ku Lundazi cimodzimodzi, koma ulendo wa kumudzi udula kuposa wa m'tauni wa mtunda wofanana. Cifukwa cacikulu ndi cakuti takisi yopereka munthu kumudzi kawirikawiri ibwerera yopanda kanthu, ndipo wokwera mmodziyo alipira ulendo wopita ndi wobwerera womwe. Pamwamba pa ico pali mseu. Maenje, mcenga ndi miyala zidya matayala ndi masipuling'i, ndipo zitsulo zonsezo zigulidwa kunja monga mafuta omwe. Kumene kulibe filing'i siteshoni mafuta agulidwa m'mabotolo pambali pa mseu, pa mtengo woposa wa pa pampu.

Madalaivala anapeza kale njira yao yotsitsira mtengo, ndiyo kudzaza. Kagalimoto kopangidwira anthu asanu kanyamula asanu ndi atatu, wina atakhala mpando umodzi ndi dalaivala, matumba a cimanga ali kumbuyo. Aliyense alipira pang'ono, n'zoona, koma galimoto yotere siima msanga mbuzi ikadumpha pamseu, ndipo malamulo a bungwe la Road Transport and Safety Agency saloleza zimenezi.

Ku Lusaka kunabwera njira ina, yoitana takisi pa foni. Kampani ya Yango inayamba nchito kumeneko m'caka ca 2022, ndipo wokwera aona mtengo pa foni yake asanakwere, popanda kukangana ndi dalaivala. Mitengo yake inatsika kuposa ya matakisi a pa siteshoni kotero kuti eni matakisi akalewo anadandaula. Cinsinsi cake n'cakuti m'tauni anthu ndi ambiri: dalaivala akatsitsa wina, foni imsonyeza wina pafupi pomwepo, ndipo galimoto siyenda yopanda munthu nthawi yaitali. Ku Chadiza kapena ku Vubwi foni singabale okwera amene kulibe.

Takisi yeniyeni ya munthu wosauka m'cigawo cino yakhala njinga. Ku Chipata, kumene fakitale ya Luangwa Industries inali kupanga njinga za Eagle, anyamata akhala akunyamula anthu pa keliyala yoikapo katsamiro kwa zaka zambiri. Njinga simwa petulo. Imwa thukuta la mwini wake. Njinga zolimba za Buffalo zinapangidwa kuti keliyala yake isenze makilogalamu 100, ndipo m'madera ena njinga ikoka kangolo kogonekapo wodwala. Vuto lake ndi mtunda ndi zitunda. Makilomita khumi ndi ulendo wabwino, koma makumi anai ndi munthu wodwala kumbuyo ndi nkhani ina.

Pamenepo ndi pamene palowera njinga yamoto, imene yafala msanga ku Petauke, ku Katete ndi ku Chipata. Lita imodzi ya petulo iifikitsa patali kangapo kuposa galimoto, ipita m'njira ya mapazi kufikira pakhomo, ndipo ikabwerera yopanda munthu cotayika n'cocepa. Koma walira mvula walira matope. Anyamata ambiri aphunzira kuyendetsa m'bwalo la mpira masiku awiri, alibe laisensi, alibe cisoti colimba ca kumutu, iwo kapena wokwera, ndipo ena akweza anthu atatu pa mpando umodzi. Ndalama imene munthu wapulumutsa pa ulendo ikhoza kuthera pa mwendo wothyoka.

Njira imene ioneka yoyenera midzi ndi yogwirizana, ndipo siifuna galimoto yatsopano. Anthu a midzi yoyandikana angapangane ndi dalaivala mmodzi wodziwika kuti azibwera pa masiku oikika, monga tsiku la msika ndi tsiku la sikelo ya ana, pa ola lodziwika. Okwera akalembetsa maina kwa nyakwawa kapena kwa mlembi wa kalabu dzulo lake, dalaivala adziwa kuti mipando idzadzaza popita ndi pobwerera, ndipo alibenso cifukwa colipiritsa munthu mmodzi maulendo awiri. Amai a cilimba adziwa kale kusunga ndalama za gulu, ndipo thumba laling'ono lotere lingalipire galimoto ya usiku pamene mai wapakati wadwala mwadzidzidzi, banja n'kubweza pambuyo pokolola.

Kugula galimoto ya gulu ndi nkhani yofuna kusamala koposa. Galimoto ya anthu onse isowa mwini pa tsiku limene yathyoka, ndipo magulu amene agawana ndalama zonse za okwera osasiyako ya matayala, ya inshuwalansi ndi ya cilolezo conyamulira anthu, aona galimoto yao itakhala pa miyala caka cisanathe. Pangano ndi dalaivala amene ali kale ndi galimoto yake lipepuka, malinga mtengo ulembedwe papepala pamaso pa mfumu, ndipo papepalapo panenedwenso za miyezi ya January ndi February, pamene madambo adzala ndipo galimoto iyenera kuzungulira njira yaitali.