Musanagule lifiti ya galaja, yang'anani pansi

Msewu wa ku Neno sumvera chisoni galimoto. Lole ikachoka ku Dambe itasenza mbatata ya kachewere, kapena pikapu ikatsika kuchokera ku Matandani m'nyengo yamvula, imakafika pa tala kunsi kutawonongeka: mashokapu atatha, sipulingi yathyoka, ekizozi ikulendewera. Kuti zonsezi zikonzeke, makaniko ayenera kulowa kunsi kwa galimoto, ndipo malowedwe akewo ngodetsa nkhawa.

M'magalaja ambiri akumudzi, chida chake ndi jeke imodzi. Galimoto ikakwezedwa amaichirikiza ndi njerwa kapena chipika, mnyamata n'kuyala katoni, n'kukwawira kunsi chagada, sipanala ili kukamwa. Land Cruiser yonga ija imanyamula odwala m'maboma athu imaposa matani awiri isananyamule kanthu. Njerwa yootcha ikaphwanyika, munthu alibe mpata wothawa.

N'chifukwa chake eni magalaja amene zayamba kuwayendera amalakalaka makina okwezera galimoto, omwe amakaniko amangoti lifiti. Yofala ndi ya nsanamira ziwiri, yokhala ndi mikono inayi yogwira galimoto kunsi, ndipo zambiri zimanyamula matani anayi. Mota imapopa mafuta, galimoto n'kukwera mpaka munthu kuima chilili kunsi kwake. Ntchito yotsitsa giyabokosi, yomwe pa jeke imathyola msana, imapepuka kwambiri.

Koma makinawa sangofika n'kuimikidwa. Nsanamira zake sizikumbiridwa pansi. Zimamangidwa ndi mabawuti pa konkire, ndipo galimoto ikakwera, kulemera kwake kumakoka mabawutiwo ngati kufuna kuwazula. Opanga makinawa amalemba m'mabuku awo kuchindikala kwa silabu yofunika, ndipo kwa lifiti ya matani anayi ambiri amafuna masentimita pafupifupi 15, ena kuposerapo. Konkireyo ikhale ya simenti yokwanira, mchenga wopanda dothi ndi miyala ya kwale, ithiriridwe madzi ndi kudikiridwa masiku 28 isanabooledwe. Pansi pa magalaja athu ambiri mpongozira chabe: zidutswa za njerwa, pamwamba kasimenti kopyapyala. Pamenepo mungayendepo zaka osaona vuto, koma si pomangapo lifiti.

Ndiye pali denga, lomwe liyenera kutalika mamita anayi kapena kuyandikira apo kuti galimoto yaitali isagunde mitanda. Palinso magetsi. Malifiti ena amayendera magetsi wamba a m'nyumba, ena amafuna a three-phase, omwe ESCOM sinafike nawo paliponse. Wogula afunse zimenezi asanapereke ndalama. Ayang'anenso ngati lifitiyo ili ndi njira yotsitsira galimoto pamanja, chifukwa magetsi kwathu kuno amatha kuzima galimoto ya kasitomala ili m'mwamba.

Ngozi yaikulu ili pa kusamutsa. Chifukwa cha mtengo, ambiri angakwanitse lifiti yogwirapo kale ntchito, yochotsedwa m'galaja ina ku Blantyre kapena yobwera ndi m'bale wa ku Joni. Imafika ili zidutswa, kawirikawiri yopanda buku lake, mabawuti akale ali m'thumba la shuga. Mabawuti amenewo si ogwiritsanso ntchito. Anafutukuka kale m'konkire yoyamba ndipo sangagwirenso bwino. Ngakhale posuntha lifiti m'galaja momwemo, mabowo atsopano atalikirane ndi akale, ndi ming'alu, komanso ndi m'mphepete mwa silabu. Nsanamira ziyezedwe ndi levulo. Zingwe zachitsulo zomwe zimathandiza mbali ziwirizo kukwera mofanana ziunikidwe ngati sizinayambe kuyoyoka, ndipo mapaipi a mafuta achotsedwe mpweya. Pomaliza maloko: galimoto ikamakwera amalira kuti kha, kha, kha, mbali zonse nthawi imodzi. Mbali ina ikamatsalira, kapena ikangokhala chete, pasapezeke wolowa kunsi.

Mukaonetsetsa, theka la ntchito imeneyi si la makaniko ayi, ndi la mmisiri womanga. Apa mpomwe Matandani ali ndi chonena. Mishoni ya Seventh-day Adventist imeneyi, yomwe inatsegulidwa mu 1908, inatchuka ndi sukulu yophunzitsa ntchito zamanja monga ukalipentala ndi zomangamanga. Dera lomwe lili ndi mbiri yotere siliyenera kusowa munthu wodziwa kusakaniza konkire ya muyeso. Chofunika n'choti womanga ndi makaniko akhalire pamodzi silabu isanathiridwe, buku la makina lili patsogolo pawo. TEVETA, yomwe imayang'anira maphunziro a luso m'dziko muno kuyambira mu 1999, ingachite bwino kuonetsetsa kuti ophunzira zamakaniko akudziwa kaimikidwe ndi kasamalidwe ka makinawa, osati kudina batani kokha.

Sikuti galaja iliyonse ku Neno ifunika lifiti lero. Boma limeneli linaima palokha mu 2003, litachoka ku Mwanza, ndipo galimoto zake n'zochepa poyerekeza ndi za m'tauni. Kwa ambiri, dzenje lomangidwa bwino ndi njerwa, lokhala ndi masitepe komanso matabwa ovundikira, lingagwire ntchito yaikulu popanda magetsi. Amene sangakwanitse ngakhale dzenjelo agule masitandi achitsulo okhazikapo galimoto, asiye kudalira jeke yokha. Lamulo la chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito la 1997 limaika udindo woteteza wantchito pa wolemba ntchito, ndipo mnyamata wophunzira ntchito uja nayenso ndi mwana wa munthu.

Inu eni magalaja amene mwasunga kale ndalama ya lifiti, patulanipo ya simenti, miyala ndi mabawuti atsopano. Ikapanda kukwanira zonsezi, dikirani kaye, makinawo musawaimike.